Thumba Losadutsa Madzi

Belinj anafika ku shedi ya amayi odinda nsalu atapanira chojambula chake m'khwapa. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala ku Melbourne, akulongedza mabuku m'laibulale, ndipo zonse zimene ophunzira analemba za anthu a mtundu wake anaziwerenga. Atabwerera kwawo ku Maningrida anapeza ana akudya tchipisi pakhonde pa sitolo, njira ya kumtsinje itamera udzu, ndipo panalibe womufunsa kuti unali kuti. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti chojambula chake chidindidwe pa tebulo lalitali la m'shedimo, naye awerengedwe.

Wovomereza anali azakhali ake, a Kamanj, amene zala zawo zinachita chikasu kalekale ndi mizu yonyikira masamba olukira a mtengo wa pandanasi. Nsalu zawo zinali pachingwe zikuuma, zitadindidwa akamba, maula akutchire ndi miono ya nsomba yolukidwa mwakuti munthu akanatha kuphunzira mfundo iliyonse pongoyang'ana diresi.

Belinj anayala pulasitiki yake yoonekera. Anali atajambulapo ndi inki yakuda mpama wowawa wa kutchire, woduladula, uli m'thumba loluka. Amayi anaunjikana.

"Eee, dzanja ali nalo mtsikana wa m'tauniyu," anatero Dulcie, mnzake wa paubwana. "Taonani masambawo!"

A Kamanj anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, ukufuna kupha ndani?"

"Bwanji, azakhali?"

"Thumba ili ndi la uchi. Taona mmene walithinitsira, ngakhale dontho silingatuluke. Mpama uwu timauviika pamadzi oyenda kuti ululu uchoke. M'thumba lakoli madzi adutsa pati?"

Dulcie anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mawa tonse kuchipatala, pakamwa potupa ngati achule!"

"Ndinaliona ku myuziyamu," Belinj anayankha. "Pakhadi analemba kuti thumba la zakudya."

"Amene analemba khadiyo anadyako?" anafunsa a Kamanj.

 Belinj anali atadya mpama umenewo ubwana wake wonse, koma thumba likamamizidwa mumtsinje iye ankakhala akusambira. Anayamba kukulunga pulasitiki ija.

"Ukupita nayo kuti? Ndati ndi yoipa ine?" A Kamanj anaikanikiza ndi chigongono. "Adzukulu anga sapita kutchire. Mpama adzauonera pa siketi ya mayi wawo. Ndiye siketiyo isaname."

Anatenga lumo n'kupala inki pakati pa zingwe ziwiri, mpata wolowa chala chaching'ono.

"Kupota kawiri, mpata. Kupota kawiri, mpata. Kwinako malizitsa wekha."

Belinj anapala mpaka dzuwa kupendeka, msana ukuwawa, Dulcie akumubweretsera tiyi ndi chipongwe. Mipata inali mazanamazana. Pofika pakati anazindikira kuti wasiya kuwerenga, zala zikungodziwa pokhotera.

Patapita masiku atatu sefa yodindira chojambula cha Belinj inali itakonzeka. Anaiika pa nsalu yoyera, a Kamanj n'kuthira utoto wofiira ngati dothi. Tebulolo ndi lotambalala, munthu mmodzi sangafikire tsidya lina. Wina amakankha chopalira utoto kufika pakati, wa tsidya linalo n'kuchilandira chisanaime. Dulcie anapita pamalo ake a masiku onse.

"Choka apo iwe," anatero a Kamanj. "Belinj, ima uko. Ukachedwa kulandira, mzere utsala pa nsalu, ndipo diresi limenelo udzavala ndiwe."

A Kamanj anakankha chopalira. Belinj anatambasula manja onse awiri.