Kamlendo ka Atelala

Atelala anali ndi lamulo limodzi lomwe ana awo onse anakula nalo: chinthu cha mwini umachibweza mmene unachilandirira. Zaka makumi anayi akusoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, jekete la kasitomala sanalipisepo mkono, ngakhale lowakwana chotani. Nsalu ikatsala, kaya kachidutswa kongokwana pachikhatho, ankakasita n'kukapinda pamwamba pa chovalacho. Munthu akafunsa kuti, "Madala, nanga kameneka ndikatani nako?" iwo ankangoti, "Mukataye nokha, n'kanu."

Ndiye manja anadzawaukira. Linayamba ndi lamanja, kunjenjemera pang'ono ponyamula kapu, kenako zinakula mpaka tiyi ankathera m'mbale asanafike kukamwa. Mapiritsi a kuchipatala ankangowagonetsa tulo pa mashini. Mwana wawo wotsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, ankaluka tsitsi pa saluni ya tsidya lina la msewu, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba wawoloka kukawalowetsera ulusi m'masingano khumi n'kuwabaya pa kapilo. Masinganowo akatha, bambo akewo ankangokhala duu, kuyang'ana magalimoto. Makasitomala sanawanyoze ayi, anthu ali ndi ulemu. Ankangoti "tibweranso," osabweranso.

Tsiku lina mayi wina amene Mzime ankamuluka, nesi wa pachipatala chachikulu, anatchula za kafukufuku wa kachipangizo katsopano. Kokhala ngati wotchi koma kopanda manambala, ati kamatumiza timagetsi tochepa m'mitsempha ya pamkono, dzanja n'kukhala bata. Mzime anasiya mutu wa mayiyo uli theka, kuthamangira tsidya lija chipeso chili m'manja.

Tsiku loyamba kuchipatala kuja adokotala, mnyamata ndithu wa msinkhu wa mchimwene wake wa Mzime, anapatsa Atelala pepala kuti ajambule mzere wozungulirazungulira ngati chigoba cha nkhono. Chimene chinatuluka, abale inu, ngati nkhuku yapalasa. Anawamanga kachipangizo kaja, kakang'ung'udza pansipansi, n'kudikira mphindi makumi awiri. Atajambulanso, mzere unayenda mwaa, osaphonya. Atelala anaika cholembera pansi. Anasolola singano yomwe inkakhala kuseri kwa kolala yawo, anazula kaulusi m'thumba, kunyowetsa ndi malovu, kamodzi kokha ulusi uli kuseri. Anaseka mpaka kutsokomola. Mzime analira poyera, osasamala kuti pali anthu.

Kenako anabwera mapepala, masamba asanu ndi awiri. Panja pali mzere wa anthu, anesi a kafukufukuyo anafotokoza mothamanga: muzikavala tsiku lililonse, muzikavula posamba ndi potchaja, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzakabweretse. Amene kawathandiza adzalowa gawo lachiwiri ndipo adzapatsidwa kena koti akhale nako zaka zitatu, enawo basi. Kunyumba Mzime anawawerengera bambo ake mapepala aja mokweza. Ambiri anangowalumpha, chifukwa mawu ake anali ozunguza mutu, koma tsamba lomaliza linali lomveka bwino: kachipangizoka n'ka kampani, kasamalidwe, kadzabwezedwe kali bwino.

"Mwamva, Bambo? N'ka eni ake aka. Musakakande ndi sizasi zanu zija."

"Iwe, ukuphunzitsa ine kusamala za eni?"

Anakapatsa dzina loti Kamlendo, ndipo ankakasamaladi ngati mlendo. Ntchito yoyamba imene anagwira ndi manja abwinowo inali kukasokera kathumba ka nsalu yakuda yofewa, ka kansalu kena m'kati, kotseka ndi batani limodzi. M'mawa ankakatulutsa, kukavala, kudula nsalu zonse za tsikulo, kulowetsa okha masingano, kusoka mabowo a mabatani ndi makolala. Zikatha zimenezo, mwina patapita ola limodzi, ankakavula, kukapukuta thukuta, kukabwezera m'kathumba, kathumbako m'chitini cha mabatani. Mizere yowongoka ya pa mashini ankangolimbana nayo choncho, atapanikiza mkono patebulo. Kukachita mitambo, Kamlendo sankatuluka n'komwe.

Mzime ankaziona zonsezi, ndipo kunena zoona zinkamusangalatsa. Kamodzi kokha, ataona supuni ikugogoda mano a bambo ake, anati, "Bwanji osakavala podya?"

"Ukufuna kakabwerere kwawo kakununkha anyezi? Adzati tinakapereka kwa munthu wamtundu wanji?"

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwezi uliwonse anesi ankaimba foni. Mukukavala tsiku lililonse? Tsiku lililonse, mayi. Kakuthandiza? Iii, musachite kufunsa. Ndipo panalibe bodza ngakhale limodzi. Makasitomala anayamba kubwerera, wina mpaka anabweretsa suti yathunthu.

Tsiku lobweza lija anafika m'mamawa, Atelala atavala malaya oyera, kathumba kali m'thumba la pachifuwa. Pa benchi panali anthu ngati khumi ndi awiri, aliyense ndi kake pamkono. Pafupi nawo panakhala makaniko wina, kachipangizo kake kali bii ndi oilo, lamba wake woduka womangidwa ndi waya. Mayi wina wophika buledi, kake kanali mbuu ndi ufa, kagalasi kosweka pakona.

Atelala anakodola mwana wawo ndi chigongono. "Taona anthu osaleredwa," ananong'ona. "Awa akawalanda lero lomwe, n'kuwakalipira pamwamba."

Makaniko uja analowa, sanachedwe, anatuluka akumwetulira, kabokosi katsopano kali kukhwapa. Wophika buledi chimodzimodzi. Atelala anapukusa mutu, koma mtima unakhala pansi. Ngati akupatsa oterewa, nanga ife?

Ataitanidwa anapereka kathumba ndi manja awiri. Anesi anamasula batani, n'kutembenuza kachipangizo kaja uku ndi uku.

"Koma ndiye mwakasamala, bambo! Sindinaonepo kobwera kokongola chonchi. Ngati kachokera m'bokosi lero."

Atelala anayang'ana Mzime, chifuwa chili patsogolo. Anesi analumikiza kachingwe ku kompyuta, nadikira. Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala. Anazula kachingwe, kulumikizanso, kuyang'anitsitsa.

"Bambo, kameneka mumakavala?"

"Tsiku lililonse."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Ntchito yovuta ikatha ndimakavula. Kuti kasathe."

Anesi anagwira pakamwa. Anatembenuza kompyuta ija kuti Mzime aone, ngakhale panalibe choti munthu wamba n'kumvetsa, timizere tokhatokha tofupikitsitsa ngati udzu wongometa. Anafotokoza pang'onopang'ono. Kachipangizoka kamawerenga kokha maola amene kakhala pamkono. Kuti munthu awerengedwe kuti wayesadi mankhwalawa, pamafunika maola osachepera 1,000 pa miyezi yonseyi. A bambowa akwanitsa 173.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa Mzime.

"Ndiye kuti kompyuta yawaika m'gulu la amene sanatsatire malangizo. Gawo lachiwiri salowa."

"Sanatsatire? Bambo angawa? Asisi, munthu uyu moyo wake wonse sanaphwanyepo lamulo ngakhale la pamsewu! Apatseni pepala lija ajambule muone. Apatseni singano!"

Mawu anakwera mpaka adokotala aja anatulukira kuchokera chipinda china. Anamvetsera zonse ataimirira, kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi Atelala. Ankawakumbukira, ati ndi bambo a singano aja. Mzime akanakonda adokotalawo akanakhala munthu wamwano, woti amutukwane mtima uphwe, koma ayi, anali munthu wabwinobwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuwawa kwambiri.

"Ine ndikukukhulupirirani, bambo. Ndinaona ndi maso angawa. Koma mndandanda sitilemba ife. Pamene asisitawa analumikiza chingwe chija, manambala apita kale ku kampani, ndipo kumeneko sadziwa nkhope ya munthu, amangoona nambala."

"Aimbireni foni," anatero Mzime.

"Kulibe woti n'kumuimbira. Kuli adiresi yolembera basi. Ndilemba lero lomwe, koma ndisakunamizeni, ndinalemberapo anthu ena awiri miyezi yapitayo. Mpaka pano zii."

"Chabwino, tigulitseni komweka."

"Sikanavomerezedwe kugulitsidwa. Ngakhale ine nditafuna sindingakapeze. Kafukufuku akayenda bwino, mwina zaka zitatu, mwina zinayi."

Zaka zinayi! Mzime anayang'ana bambo ake, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, dzanja lawo likuvina pabondo ngati silawo. Anafuna kunena kuti wolakwa ndi iye, kuti ndi iye amene analumpha masamba asanu ndi limodzi n'kuwerenga bwino lomaliza lokha, kuti miyezi isanu ndi umodzi ankaona kathumba kakulowa m'chitini iye n'kumanyadira. Anayang'ana pa tebulo pomwe kachipangizo kanali, pafupi kwambiri moti akanatha kungokatsomphola n'kuthawa nako. Anesi, ngati amva maganizo akewo, ananena motsitsa kuti kakangolumikizidwa komaliza kamadzitseka kokha, sikayakanso.

Atelala anatembenukira kwa adokotala. Kenako anakonza kukhosi.

"Pepani adokotala, ndifunse nawo. Ndamva, ine ndalephera mayeso. Koma kameneka mukapatse munthu wina wosamala. Kadakali katsopano, batire lake silinatope n'komwe."

Adokotala anayang'ana anesi, anesi anayang'ana pansi.

"Sitipatsa wina, bambo," anatero adokotala. " Kakavalidwa ndi munthu mmodzi, kamabwerera ku kampani n'kukaphwanyidwa. Tizipangizo tonseti timatero."

"Kuphwanya?"

"Eya."

"Ngakhale kopanda chilema?"

"Tonse, bambo."

Anesi anatsegula kabati n'kutulutsa katoni. Munali tizipangizo tambirimbiri, tokandikakandika, tothimbirira, ka makaniko kaja kali pamwamba ndi waya wake. Anaika Kamlendo momwemo, mofatsa ndithu, ndipo kanali kokhako kowala m'katoni monsemo. Kenako anatola kathumba kaja patebulo n'kuwapatsira Atelala.

"Aka n'kanu, bambo. Sitingakalandire."

Anatuluka osatsanzika bwino. Pa benchi anthu anawayang'ana kukhwapa, kufuna kuona kabokosi, kenako n'kuyang'ana kumbali. Anayenda kakhonde konse kaja, kudutsa pogawira mankhwala, kudutsa mlonda wa pachipata, mpaka pokwerera basi, pomwe Atelala anati miyendo yalema, akhale kaye.

Anakhala pa kampanda ka simenti. Dzuwa linali litakwera, ogulitsa madzi akukuwa, basi ikubwera n'kupita iwo osaikwezera dzanja. Mzime ankaganiza za suti ija, yomwe inali itadulidwa kale koma yopanda kolala ndi mabowo a mabatani, mwini wake akuiyembekeza Loweruka. Ankaganiza zoti apite kwa ndani, akagwade pakhomo pa ndani, koma panalibe khomo lililonse. Chinamupweteka n'chakuti palibe amene anawachitira nkhanza, aliyense anawalankhula mwaulemu.

Atelala anatulutsa kathumba kaja. Kanali kotsegula, ndipo iwo chinthu chotsegula sankachisiya choncho. Anagwira batani ndi zala ziwiri kuti alilowetse pabowo. Batani linathawa. Anayesanso, linathawanso, kathumba kakugwedezeka ngati kali ndi moyo. Mzime anaona bowolo pafupi kwa nthawi yoyamba: timisoko ting'onoting'ono tothinana, tofanana tonse, topanda ndi kamodzi komwe kopotoka. Ntchito ya manja ngati imeneyo anali asanaionepo kwa telala wina aliyense.

Kachitatu, kachinayi. Mzime sanathenso kupirira. Anagwira dzanja la bambo ake pamodzi ndi kathumbako, n'kulowetsa batani lija ndi chala chake chachikulu. Dzanjalo silinasiye, linkanjenjemerabe m'kati mwa lake.

"Bambo, ndine ndinakuuzani kuti..."

"Wamva mmene ananenera anesi aja?" anamudula mawu, maso ali kumsewu. "Ati sanaonepo kosamalika choncho. Wamva, eti?"

"Ndamva, Bambo."

"Ngati kachokera m'bokosi lero."

Atelala anasisita kathumba kopanda kanthu kaja ndi chala. Basi ina inaima, kondakitala akuitanira, ndipo Atelala anadzuka movutikira atagwira phewa la mwana wawo.

"Mawa usanatsegule saluni udzayambe wadutsa," anatero. "Masingano khumi, ulusi wakuda."