Kiyibodi Yodziimbira Ng'oma Yokha

A Hawkins anafika kwathu ku Chilomoni Lachitatu masana, ine nditangoweruka kusukulu, manja ali mbuu ndi choko. Iwo ndiwo anali mtsogoleri wa bandi imene amuna anga, a Flexon, ankaimbamo ng'oma. Atakhala pansi anayamba kuzunguliza chipewa pabondo, ndipo ndinadziwiratu kuti nkhani yake si yabwino, poti wobwera ndi zabwino sazunza chipewa chotero.

"Alamu, ndikufuna kugula kiyibodi," anatero a Hawkins, maso ali pa ine m'malo moyang'ana mnzawo. "Zija zoti ukangodina batani, ng'oma ndi besi zimalira zokha. Ndiye ndimati a Flexon andiperekeze ku Bangwe akandithandize kusankha. Khutu lawo ndi lomwe ndimalikhulupirira."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo anzanga kusukulu amadziwa. "Ndiye mwati munthu akadzisankhire yekha womulanda mpando? Bwanji osangomuuza kuti ntchito yatha, n'kumusiya agone?"

"Mayi a Mwawi," anatero amuna anga ali pampando wawo wa pakona, bulangete lili m'miyendo. "Apatseni alendo tiyi. Tipita mawa."

Bandiyo inayamba ndi anthu anayi. Chaka cha 1995 a Donald, oimba besi, tinawaika m'manda nthawi ya mvula. Woimba gitala anapita ku Joni osatsanzika n'komwe. Anatsala a Hawkins, ndi mawu awo ndi kaogani kawo kakale, komanso amuna anga. Koma nawonso amuna anga anali atayamba kudwala. Chifuwa chinkapita n'kubweranso, mikono inaonda mpaka wotchi inkatsetsereka kufika pachigongono. Paukwati wina ku Zingwangwa, perekaniperekani ali pakati, anthu akuvina n'kumaponya ndalama m'lichero, kamtengo koimbira kanawapulumuka, ndipo tinachita kuwatulutsa panja kuti akapitidwe mphepo.

Dokotala anali atandiitanira pambali n'kundiuza zoti ndikonzeke. Ine kunyumba ndinkangoti ndi chifuwa, chitha. Chimene ndinkachidziwa bwino n'chakuti sabata yonse munthuyo ankakhala chigonere, koma Loweruka likafika ankadzuka yekha, kumeta ndevu, kundiuza malaya oti ndisite. Ng'omazo ndizo zinkawadzutsa. Ndinkaopa kuti akangowachotsa pamenepo sadzadzukanso, ndipo n'chifukwa chake m'mawa mwake ndinapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi, ine n'kuwatsatira. Ndinapita kukatchinga, osati kukathandiza.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Limbe, ina ya ku Bangwe. Masiku amenewo mavenda anali atadzaza m'misewu, aliyense akuti ndi ufulu wake, ndipo kondakitala anatipanikiza anthu asanu pampando wa anayi. A Flexon anakhala kuzenera, akupuma ndi pakamwa. A Hawkins ankayesa kuchezetsa, koma ine sindinawayankhe ngakhale kamodzi.

Wogulitsayo anali a Abbas, bambo wina wamfupi amene ankapita ku Joni pabasi kukatenga katundu n'kumagulitsira pabalaza pake. M'nyumbamo munali mawailesi, masimbi, nsapato, ndi makiyibodi atatu atagonekedwa pasofa, aliyense atafunditsidwa chitenje. Yoyamba inali yaikulu, yonyezimira, mabatani ngati m'ndege. A Abbas atatchula mtengo wake, a Hawkins anaifunditsanso chitenje chake mwaulemu, osaigwira n'komwe. Iwo anali atagulitsa ampulifaya imodzi ndi njinga yawo, ndipo thumba lawo linkangofika pa ziwiri zotsalazo.

Yachiwiri inali yotuwa, yakale, yokalikakalika m'mbali. A Hawkins atadina batani, ng'oma zake zinamveka ngati mwana akugogoda chitini cha mafuta. Ndinasangalala mumtima. Koma a Abbas, poti ndi wamalonda, sanafooke.

"Madala, musaone nkhope. Iyi ili ndi chake. Taonani apa." Analoza timabwalo ta labala tokhala m'munsi mwa mabatani. "Apa munthu umaimba wekha ng'oma ndi zala. Zimitsani zodziimbazo, mnzanu aime pambali panu aziimba. Saundi yake mumva nokha."

Amuna anga anasendera pafupi. Anagunda kabwalo kamodzi ndi chala, kenako kena, akumvetsera mutu uli pendeke. Atatero anaika manja onse awiri n'kuyamba manganje, ng'oma ija ya kwawo kwa a Abbas. Zala sizifuna mphamvu ngati mikono. Zinayenda monga kale, ndipo a Hawkins analowamo ndi nyimbo osauzidwa. Mayi a panyumbapo, a Nasima, anatulukira pakhomo la kukhitchini mpeni uli m'manja, mapewa akugwedezeka okha. Ndinayang'ana nkhope ya amuna anga ndipo ndinaona munthu amene ndinakumana naye kukwaya ku Ekwendeni tili achinyamata.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati Mulungu wayankha. Nayi kiyibodi yofuna anthu awiri, yoti munthu angaimbe atakhala pampando, popanda kunyamula ng'oma kapena kutukula mikono. Ndinatsala pang'ono kuwapepesa a Hawkins.

"Tatengani iyi," ndinatero. "Tatha apa. Tiyeni tizipita dzuwa lisanakule."

"Tione inayo," anatero a Flexon.

Yachitatu inali yakuda, yocheperapo, yopanda timabwalo ta labala. A Hawkins atadina batani, balaza lonse linadzaza. Ng'oma zake zinali zonona, besi ikuyenda yokha pansi pake, ikutsata kulikonse kumene dzanja lamanzere lapita. Ndinaida nthawi yomweyo.

Amuna anga anaiyesa ngati mmene amayesera mbuzi pamsika. Anawauza a Hawkins aike rumba, kenako rege, kenako ija yodekha yolowera mkwatibwi m'holo. Anawauza achepetse liwiro nyimbo ili mkati, poti amayi a kutchalitchi akayamba kuimba nawo amakoka nyimbo, ndipo woimba ng'oma wanzeru amawadikira. Anafunsa ngati batani lake lili pafupi moti munthu angalifikire osasiya kuimba. Anafunsa ngati imatha kumaliza nyimbo bwinobwino, osangoti thi ngati wailesi yazimitsidwa. Anafunsa za mabatire, magetsi akathima ukwati uli pakati. A Abbas ankayankha zonse, thukuta lili kamukamu.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga kulemera kwake, munthu mmodzi angakwere nayo minibasi?"

"Mmodzi yekha, madala. Kungoikwapatira basi."

"A Hawkins, tatengani iyi," anatero a Flexon.

A Hawkins anangoyang'ana pansi.

"Bambo a Mwawi," ndinatero, ndikuyesetsa kuti mawu asakwere pamaso pa eni nyumba, "mwaiona bwino yotuwayo? Mwamva mmene mwaimbira? Anthu akavine chitsulo inu mulipo?"

"Ndamva mmene ndaimbira."

"Nanga tsono?"

"Yotuwayo ndi yabwino ine ndikaima pambali pake. Ndikachokapo ndi chitini. A Hawkins agulitsa njinga, sangagulenso ina." Anapuma kaye kuti chifuwa chidutse. "Maukwati a Disembala alipo kale atatu. A Hawkins ali ndi manja awiri okha."

Unali mwezi wa Ogasiti. Palibe anafunsa kuti Disembala walowa bwanji m'nkhaniyi. A Nasima anabwerera kukhitchini mwakachetechete, ndipo a Abbas anayamba kufunafuna katoni, ngakhale inali poonekera pansi pa tebulo. Ine ndinakhala pamkono wa sofa. Miyezi yonseyo ndinkati ndikuwabisira, osadziwa kuti iwonso akundisungira ine, kundisiya ndizinena za chifuwa kuti mtima wanga uzipeza pogwira.

A Hawkins anayesa kulimbalimba. "Achimwene, tikhoza kutenga yotuwayo. Zam'tsogolo adziwa ndi Mulungu."

"Mulungu adziwa, inde. Koma munandiitana kuti ndikusankhireni. Ndasankha."

Pobwerera a Hawkins anakhala kutsogolo, katoni ili pamiyendo. Ife tinakhala kumbuyo mpaka ku Chilomoni. Titatsika, chitunda chopita kwathu chinawakulira amuna anga, ndipo tinapumira pamwala pafupi ndi mayi wogulitsa makala.

"Musawakwiyire a Hawkins," anatero. "Akanatha kupita okha osandiuza. Anandilemekeza."

"Ine ndakwiyira inu."

"Ndikudziwa." Anandigwira dzanja, zomwe sankachita panjira. "Loweruka tipite limodzi kuukwati wa ku Machinjiri. Ndikufuna ndikaimve pagulu. Pabalaza chilichonse chimamveka bwino."

Loweruka tinapita. Ng'oma zawo zinatsala kuchipinda. Anavala jekete, n'kukhala pabenchi pakati pa anthu, ine pambali pawo, mwana wathu Mwawi ali mbali inayo. Ndinali ndisanakhalepo nawo limodzi paukwati chikwatirane, chifukwa nthawi zonse iwo amakhala kutsogolo.

A Hawkins anaima okha pakona, kiyibodi ili patebulo. Ndinapemphera, Mulungu andikhululukire, kuti chinthucho chikanike. Ndinkafuna chizime, kapena chithamange n'kuwasiya amayi m'mbuyo, kuti wina aimirire n'kunena kuti tipatseni a Flexon. Koma mkwatibwi analowa bwinobwino. Amayi atayamba kukoka nyimbo, a Hawkins anafikira batani lija n'kuwadikira, monga anawalangizira. Perekaniperekani itayamba holo yonse inanyamuka, akuchimuna, akuchikazi, anzawo akuntchito, fumbi lili koboo. Ambiri mwa anthuwo ndinkawadziwa. Ena anavinapo ng'oma za amuna anga pamaukwati awo omwe. Ankadutsa pafupi ndi benchi yathu akuvina, ena n'kutigwedezera mutu, n'kupitirira.

Amuna anga anamvetsera nyimbo zitatu. Kenako anaweramira kukhutu kwanga, ndipo mawu awo anali a munthu amene watula katundu.

"Mwaona, mayi a Mwawi? Palibe wafunsa."

Ndinagwedeza mutu kuvomera, chifukwa n'zimene ankafuna. Ndinawauza kuti ndikupita kukawatengera madzi, ndipo ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa holo, kumene amayi ankatsuka mbale. Ndinalira pamenepo, ng'oma zikumveka kudzera m'khoma, zosaphonya ngakhale pamodzi.