Mabaluni a Mayi Chipeso

"Phwa! Laphulikanso! Abambo, mukuona koma?" anakuwa Mayi Chipeso ataima pakati pa balaza, dzanja lamanja likuthamangitsa mabaluni a pa TV.

"Ndikuona, mayi. Mwasanduka katswiri," anayankha amuna awo, maso ali pansi.

Mayiwa ntchito yawo inali yoluka tsitsi, ndipo dzinali anawapatsa ndi makasitomala chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwawo. Koma phewa lamanja linali litawazunza kwa zaka. Ululu wake unkangokhala, ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mapiritsi anamwa mpaka m'mimba munayamba kudandaula. Mapeto ake anatseka saluni, loko n'kuyamba dzimbiri.

Kuchipatala, dokotala wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi anawabwereka kabokosi kokhala ndi kamera. Ukaima patsogolo pake umadziona pa TV, mabaluni akuyandama pamwamba pa mutu wako, ndipo kuti uwaphulitse uyenera kukweza mkono.

"Kamerayi muiike pamwamba pa kabati," anatero dokotalayo. "Zizipweteka pang'ono, koma phewali likufunika kukumbutsidwa ntchito yake."

Masiku oyamba anali a misozi yokhayokha. Mkono ukafika msinkhu wa phewa unkakana, mabaluni n'kumadutsa mwamatama ngati akuwaseka. Amuna awo, munthu woti ngakhale kuzinga nkhuku amatuma mnzake, ankathawira panja kukapukuta njinga yoyera kale.

Tsiku lina mayi pochokera kosamba anapeza kamera ili patebulo.

"Kabati ija ikugwedera," anatero bambowo. "Ingagwe kamera ya eni ake, tiona zakuda."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda. Mabaluni ankaphulika motsatizana, TV ikuwaombera m'manja. Mayi Chipeso anayamba kuimba posesa, chinthu chimene m'nyumbamo anali ataiwala. Ataona kuti masewerawo awagonjera, sanadikirenso tsiku lokaonana ndi dokotala. Anaimbira foni kasitomala wawo wakale, mphunzitsi wina amene sankalola dzanja lina kukhudza mutu wake.

"Aphunzitsi, ndachira! Bwerani, ndikutsegula mawa."

"Mwandipulumutsa, amayi. Mkuja ndikukayesedwa mafunso a ntchito yatsopano, ndipo mutu wangawu ukuopseza ndi ana omwe."

Atamva nkhaniyi, amuna awo anakanda kumutu. "Bwanji mudikire kaye mawu a dokotala?"

"Dokotala wanga ndi uyo," anatero mayi akuloza TV. "Kapena mwazolowera kundiona ndili phee ngati mpando?"

Bambowo anatuluka panja kukapukuta njinga.

M'saluni munkanunkha fumbi ndi mafuta akale. Mayi anapukuta galasi, nakhazika aphunzitsi pampando. Zala zinali zisanaiwale kanthu. Mizere yakunkhongo inayenda mofulumira, nkhani zili mkati. Vuto linayamba atafika pakati pa mutu, pamene chigongono chimayenera kukwera ndi kukhala m'mwamba osatsika. Phewa linayaka moto. Analuma mano n'kupitiriza, thukuta likutsikira m'khosi. Kenako zala zinachita dzanzi, chipeso n'kugwa pansi.

"Amayi, muli bwino?"

"Ndipume pang'ono chabe."

Anapuma, anayesanso, koma mkono unangolendewera ngati wobwereka. Aphunzitsi anadziyang'ana pagalasi: mbali ina yolukidwa bwino, ina ili nyankhalala.

"Mukanangondiuza zoona, amayi," anatero motsitsa mawu. "Ine sindikanakukakamizani."

Anamanga mpango kumutu, nawoloka msewu kukalowa m'saluni ya tsidya lina. Atsikana a kumeneko anasuzumira pakhomo mmodzimmodzi. Mayi Chipeso anachita manyazi oti akanakonda nthaka ikanang'ambika, ndipo mawu akuti "zoona" aja anawapweteka kuposa phewa.

Atafika kunyumba sanapereke moni. Anayatsa TV, naima pamalo pawo. Baluni linabwera, analiphulitsa. Linabwera lina, analiphulitsanso. Ulendo uno sanayang'ane pa TV, anayang'ana mkono wawo. Dzanja silinali kupitirira n'komwe phewa.

Anapita pakabati, naigwedeza ndi dzanja lamanzere. Inali nji.

"Abambo, kabati iyi ikugwedera pati?"

Amuna awo anali ataima pakhomo lakukhitchini, thaulo lili paphewa. "Mayi, khalani kaye pansi."

"Ndakhala pansi zaka zokwanira. Yankhani."

"Ndinaona kuti kamera ikakhala mmunsi, mabaluninso amatsika," anatero bambowo. "Ndinatopa kukuonani mukulira. Mtima wanga sunkapirira."

"Ndiye munasankha kuti ndikalire pamaso pa anthu?"

"Mumaimba, mayi. Ndinali nditasowa nyimbo zanu."

"Ndimaimbira bodza!" Misozi inatsika, koma sanaipukute. "Mwandisandutsa mwana wonyengedwa ndi switi. Kasitomala wapita ndi mutu watheka, dzina langa lapita naye. Chifundo chanucho ndikalukira tsitsi la ndani?"

Bambowo anali ndi chisoni chenicheni, koma chisoni sichikanabweza aphunzitsi aja.

Mayi ananyamula kabokosi kaja ndi dzanja lamanja, nayesa kukakweza pakabati. Mkono unafika pomwe umakanira, n'kuyamba kunjenjemera. Anakatsitsa, nakapereka kwa amuna awo.

"Munakatsitsa ndinu, kakwezeni ndinu. Mawa tipitira limodzi kwa dokotala, mukafotokoze nokha."

Bambowo anakaika pamwamba, natembenuka kulunjika kukhomo.

"Njinga ndi yoyera," anatero mayi. "Khalani apo. Ngati ine ndikupirira kumva, inu pirirani kuona."

Anakhala. Mabaluni anabwerera kumwamba kuja, kutali ndi dzanja. Loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsanso, mayi akubuula. Amuna awo anagwira mpando mwamphamvu mpaka mitsempha kuonekera, maso akuthawira ku kamera ija. Koma sanadzuke.

Mayi Chipeso anapuma mozama, nakwezanso mkono.