Manambala Awiri a Jesca

Inu, za Mainess wa ku Chiparamba simunamve? Iye ndi mkulu wake Jesca anakonza masewera a tsiku la achinyamata kutchalitchi. Amakutsekerani m'chipinda chosungira mabenchi, kiyi ali m'bokosi momwemo, bokosilo lili ndi loko wa manambala anayi. Kuti mudziwe manambalawo muyenera kuthandizana. Wina aloze uthenga wa akuba pakati pa mauthenga a pafoni omata pakhoma, wina apeze zenera losakhoma bwino.

Nzeru zimenezi anazitenga kwa bambo awo, amene amalondera mathiraki pa boda ya Mwami. Iwo amati chinsinsi cha loko asasunge munthu mmodzi. Ndiye Mainess anaika manambala awiri, Jesca awiri, aliyense mnzake atatembenuka.

Basi Jesca n'kupeza ntchito ya m'nyumba ku Lusaka, n'kunyamuka osatsanzika bwinobwino, mafunso a manambala ake osalemba. Mainess anakwiya, miyezi iwiri osamuimbira. Koma akamatunga madzi ankatengabe ndowa ziwiri, n'kukumbukira ali kale panjira.

Loweruka masana anaitana anzake Yohane ndi Edita kuti ayese masewerawo. Akatekisiti anawatsekera ndi kiyi wina, n'kupita kumaliro. Uthenga wa akuba anaupeza, zenera analipeza. Atafika pabokosi, manambala awiri okha.

"Enawo ali kuti?" anafunsa Edita.

"Ali ndi achemwali."

"Ku Lusaka? Iwe, unaiwaladi kapena umafuna chifukwa choimbira?"

Yohane anati palibe vuto, manambala awiri angayese limodzilimodzi mpaka loko atseguke. Mainess anamulanda bokosi n'kukhalira. Anapempha foni ya Edita n'kuimbira Jesca. Nanga akapanda kuyankha?

"Halo, ndani?"

"Ndine, achemwali. Mainess. Ndipatseni manambala anu a loko uja."



"Nambala ya foniyi sindiidziwa," anatero Jesca. "Mwana wa alonda sapereka chinsinsi kwa aliyense wonena kuti ndine. Ngati ndiwedi, tandiuza, ndani anaotcha chitenje cha amayi ndi simbi?"

"Ndinu! Koma anakalipira ine!"

Jesca anaseka, kuseka kuja kothera m'chifuwa. Mainess anatembenukira kukhoma kuti anzake asamuone m'maso.

"Seveni ndi thuu, mphwanga. Miyezi iwiri yonseyi, mpaka utsekeredwe kuti undikumbuke?"

"Mubwera pa tsiku la achinyamata?"

"Madamu sangandilole. Mwina pa Khirisimasi."

Yohane anatsegula loko, Edita anatenga kiyi, awiriwo n'kutuluka akukuwa kuti apambana. Mainess anatsala pabenchi, chitseko chili pululu, foni pakhutu.

"Musadule, achemwali. Tandiuzani, kumeneko mukugona pabwino?"