Woimba Pomaliza

Lumo, wometa tsitsi, sakhulupirira munthu, ndipo chifukwa ali nacho.

Zaka makumi atatu zapitazo, iye ndi akatswiri ena atatu a rapu, Telala, Dalaivala ndi Kalipentala, anasiya magulu awo n'kupanga gulu limodzi, Mikango Inayi. Aliyense anali tambala komwe anachokera. Tsono rapu ili ndi mwambo wake: woimba pomaliza ndiye wamkulu, oyambawo amangomulambulira njira.

Tsiku lojambula analowa m'situdiyo, kachipinda kokhomedwa matireyi a mazira m'makoma. Wojambula anayatsa biti, ng'oma zoti aziimbirapo.

"Yambani, achimwene," anatero Telala.

"Ndine ndani ine? Yambani inu, akuluakulu," anayankha Lumo.

Biti inatha popanda wotsegula pakamwa. Wojambula atatopa anangoitulutsa nyimboyo momwemo: ng'oma, kupuma kwa amuna anayi, ndi m'mimba mwa Dalaivala mukulira chapakati. Inagwedeza dziko. Ophunzira analemba m'nyuzipepala kuti uthenga wake ndi wozama. Ophunzira amadya chilichonse, bola mbale ikhale yoyera.

Anayiwo anazungulira m'maholo atapinda manja, akuyang'anana cham'mbali, anthu n'kumakomoka. Ndime yake Lumo ankaisunga pakapepala m'thumba la jekete. Ankailoweza chamumtima akumeta anthu, kuopa kuti akanong'ona wina anganene kuti wayamba.

Kalipentala anamwalira. Dalaivala anatsatira. Kenako Telala.

Pamaliro a Telala anaika masipika, biti ija n'kuyamba. Mwana wamkazi wa Lumo anampatsira maikolofoni.

"Bambo, mwatsala nokha. Imbani tsopano."

Lumo anavala magalasi, natambasula kapepala kake kofumbwa. Ndiye anasuzumira m'bokosi. Telala anagona mu suti yosoka yekha, milomo ili yasa pang'ono ngati munthu wokoka mpweya.

"Ndikumudziwa ameneyu," anatero Lumo. "Akufuna ndiyambe, iye adzuke adzamalize."

"Bambo, adokotala anatsimikiza kuti apita."

"Adokotalawo masuti amawasokera ndani?"

Mwanayo anagwira pakamwa. Lumo anawerama, nakhazika maikolofoni pamilomo ya malemuyo.

"Yambani, achimwene."

Anadikira. Telala naye anadikira. Biti inatha, anamfedwa n'kuwomba m'manja, ena akulira kuti Mikango sinaimbepo bwino chonchi.

Lumo anapinda kapepala kake n'kukabwezera m'thumba. Kumanda anaima kutsogolo, khutu lili tcheru, mpaka fosholo yomaliza.