Chilolezo Chinathera pa Leveni Koloko

Kapitawo anali atayang'ana wotchi yake kachisanu pamene mlongo wake anamaliza kuzinga ndi chingwe chofiira malo amene anasesa pafupi ndi mulu wa mchenga. Pakati pake anayala kansalu kokhuthala n'kukhazikapo dironi yake, kandege ka mapiko anayi kosaposa thireyi yoperekera tiyi. Kenako anagwada n'kuyamba kusisita phiko lililonse ndi chala, kufunafuna mng'alu.

"Chemwali, teni koloko ija yakwana," anatero Kapitawo.

"Ndamva, achimwene. Phiko limodzi likathyokera m'mwamba, kandegeka kamagwa ngati njerwa. Ndisiyeni ndione."

Amisiri ambiri anali atasiya ntchito n'kuunjikana kuseri kwa chingwecho. Chifikireni m'mawa, iwo anali atam'patsa kale dzina loti Apayiloti. Kalipentala, bambo wamimba yaikulu amene sankatha kukhala chete, anakankhira chipewa chake kunkhongo.

"Apayiloti, ndege yanuyi ili ndi mpando wa pawindo? Ndikufuna ndikazonde apongozi."

"Mpando ulipo, bambo," mtsikanayo anayankha osadzutsa mutu, "koma mimba yanuyo yapitirira katundu wololedwa."

Anthu anafa nacho chiseko. Kapitawo yekha ndiye sanaseke. Nyumba imene ankamangayo inali yosanja kanayi, mashopu pansi, maofesi pamwamba, ndipo mwini wake ankafuna kanema wojambulidwa kuchokera kumwamba woti azionetsa anthu ofuna kuchita lendi. Tsiku limene bwanayo ananena zimenezi, pakamwa pa Kapitawo panathamanga: "Ndili ndi mlongo wanga amadziwa zimenezo." Pambuyo pake ananong'oneza bondo. Mlongo wakeyo atangomva kuti kuseri kwa mpanda, kungodutsa dambo, kuli bwalo la ndege zing'onozing'ono, anati sangaulutse kanthu popanda chilolezo. Analemba kalata, anatumiza mapu, ndipo yankho linatenga milungu iwiri. M'milungu iwiriyo bwana ankaimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo bwanayu anali munthu amene anachotsa kapitawo woyamba chifukwa cha khoma limodzi lopendekeka.

Chilolezocho chinabwera ndi malire ake: kuyambira teni mpaka leveni koloko, osapitirira mamita makumi anayi kupita m'mwamba, osatuluka mumpanda. Dzulo lake mtsikanayo anayenda khomo ndi khomo kwa anthu oyandikana nawo, kuwauza kuti kamera yake sidzasuzumira m'mipanda mwawo. Mayi wina wosoka zovala anam'funsa kawiri ngati bafa yake yopanda denga idzaoneka, ndipo iye anam'lonjeza kuti mbali imeneyo kamera idzafulatira.

Tsopano mtsikanayo anaimirira, anakweza m'mwamba kachipangizo koyezera mphepo, n'kulemba nambala m'kabuku. Anaimbira foni oyang'anira ndege pabwalo paja, kuwauza kuti akuyamba, ndipo foniyo anaiika m'thumba la pachifuwa.

"Amene ali padenga atsike," anatero. "Achimwene, inu muime apa. Maso anu akhale kumwamba basi. Mukaona ndege kapena mbalame yaikulu, mundiuze."

Mapiko analira ngati njuchi zatuluka mumng'oma, fumbi linati kobo, ndipo kandegeko kananyamuka. Anakaimika m'malere mulingo wa mutu wa munthu, kukapendeketsa uku ndi uku kuti aone ngati kakumvera, kenako anakakweza pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma. Kapitawo anaiwala kumwamba kuja kwa kanthawi n'kuyang'ana manja a mlongo wake. Zala zake zinkangosuntha pang'ono pa rimoti, phewa lili phee, maso akusinthana pakati pa kandegeko ndi galasi la pa rimotipo. Uyu ndi mwana yemwe iye ankamukweza pa njinga kupita naye ku sukulu makolo awo atamwalira, yemwe anamukalipira mwezi wathunthu pamene anasiya ntchito ya ukalaliki kuti akaphunzire zoseweretsa za ana, monga momwe iye ankazitchulira.

"Achimwene, kumwamba," mtsikanayo anam'kumbutsa osatembenuka.

Kapitawo anakweza maso msangamsanga.

Bwana anafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti leveni ikwane, ali ndi alendo atatu ovala masuti. Mtsikanayo anali atatsitsa kandegeko ndipo ankasintha batire.

"Ndiye ameneyu?" bwana anafunsa Kapitawo, ngati kuti mtsikanayo palibe. "Chabwino. Tamvera, mtsikana. Amisiri onsewa akwere padenga, alendo angawa pakati, ine kutsogolo. Chinthu chakocho chidutse pamwamba pathu tikubayibitsa. Ukatero uchikweze kwambiri, chipite uko chikajambule bwalo la ndege, anthu aone kuti nyumbayi ili pafupi ndi ndege."

"Takulandirani, bwana," mtsikanayo anayankha mwaulemu. "Pamwamba pa mitu ya anthu sindidutsa. Koma mukaima kutsogolo kwa nyumbayi, ine ndijambula kuchokera chammbali, ndipo nonse muoneka bwino kuposa mmene mukanaonekera padenga, chifukwa kuchokera pamwamba zimangooneka zipewa. Za kubwalo la ndegezo ayi. Chilolezo changa chimathera pampandapo."

"Akuona ndani?"

"Ndikuona ine, bwana."

Mmodzi wa alendowo anatsokomola pobisa kuseka. Bwana anayang'ana Kapitawo ndi diso loti tikumana, komabe anapita kukaima pamene anauzidwa. Alendo anakonza mataye awo, amisiri anandandalika kumbuyo, Kalipentala akukoka mimba kuti ilowe. Kandegeko kananyamukanso n'kuyamba kubwerera chammbuyo kakukwera, nyumba yonse ikulowa m'chithunzi pang'onopang'ono.

Foni ya m'thumba la pachifuwa ija inalira. Mtsikanayo anaimika kandegeko malo amodzi. "Achimwene, yankhani, muike kuti tonse timve."

Anali mawu a bambo wa ku bwalo la ndege. Ananena mwachidule kuti ndege yonyamula wodwala ikubwera, sinali pa ndandanda, ndipo itera posachedwa. Chilichonse chimene chili m'mwamba chitsike.

"Ndamva. Ndikutsitsa pompano," anatero mtsikanayo, ndipo mawuwo asanathe kandegeko kanali katayamba kale kutsika.

Bwana anatuluka pamzere akuponya manja. "Ukuchita chiyani? Sitinathe. Ndege yakeyo ili kuti? Kumwambaku kuli mbee."

"Ikubwera, bwana. Chonde imani kuseri kwa chingwe, mapikowa amacheka."

"Mphindi ziwiri zokha. Ziwiri."

"Tsoka silinunkha, bwana. Woyendetsa ndege uja sangakaone kanthu kakang'ono chonchi, ndipo kakalowa mu injini, muli wodwala mmenemo."

Kandegeko kanatera pakati penipeni pa kansalu kaja. Mtsikanayo anakazimitsa, anachotsa batire, n'kuimbanso foni kunena kuti watera. Kenako anthu onse anaima n'kumadikira. Panapita mphindi zisanu, kenako zisanu ndi zitatu, kumwamba kuli zii. Pomaliza kunamveka kulira chapatali, ndipo kandege koyera kanatulukira kuseri kwa mitengo, kanadutsa cha kudambo n'kukatera. Sikanayandikire nyumbayo n'komwe.

"Mwaona?" bwana anatembenukira alendo ake. "Yadutsa kutali uko. Tataya nthawi pachabe. Tiyeni, dzutsa chinthu chakocho timalize."

Mtsikanayo anayang'ana wotchi, n'kuimbanso ku bwalo kuja kupempha kuti amuwonjezere mphindi khumi. Anamvetsera, anathokoza, n'kudula.

"Akana, bwana. Akuti ndege ija inyamukanso ikangotsitsa wodwala, ndipo pali ina ya ophunzira ikudikira. Leveni yadutsa ndi mphindi zitatu. Lero basi."

"Mphindi zitatu," bwana anabwereza, mawu atatsika, zimene amisiri onse ankadziwa kuti n'zoopsa kuposa kukalipa kwake. "Ndabweretsa anthu kuchokera kutali, ndiye undichititse manyazi chifukwa cha mphindi zitatu? Kapitawo, unam'bweretsa ndiwe ameneyu. Ndi mlongo wako. Muuze."

Kapitawo anamva maso a amisiri makumi atatu ali pamsana pake. Anaganiza za ntchito yakeyi, imene anaifunafuna chaka chathunthu, ndi za ana ake atatu. Mawu anali atafika kale pakhosi: chemwali, tangochita, kamodzi kokha. Anayang'ana mlongo wake. Mtsikanayo sanam'yang'ane mopempha thandizo kapena mwamwano. Anali atagwada, akumasula mapiko limodzilimodzi n'kuwalowetsa m'kathumba kawo. Koma Kapitawo anaona kuti phiko lina linapulumuka kawiri m'zala zimene zinali zokhazikika pa rimoti zija.

Kapitawo anavula chipewa chake.

"Bwana, pamalo pano ine ndimalamula njerwa ndi simenti. Mutandiuza kuti tichotse matabwa ochirikiza silabu lisanaume, ndingakukanireni, ngakhale alendo ataima pomwepo. Kumwambako amadziwako ndi iyeyu. Akati ayi, ine ndilibe mawu ena."

Bwana anamuyang'ana. "Mawa eyiti koloko ku ofesi," anatero, n'kutsogolera alendo ake ku galimoto. Chitseko chinamenyedwa mwamphamvu moti mlonda wa pageti anadzidzimuka.

Fumbi la galimoto litatha, Kalipentala anapumira m'mwamba. "Apayiloti, inu ndi mwala. Ine bwana uja akangotsokomola ndimakhomera chala changa."

Amisiri anaseka chapansipansi n'kubwerera ku ntchito. Kapitawo anakhala pa njerwa pafupi ndi mlongo wake, amene ankalemba m'kabuku kake nthawi imene ananyamuka, nthawi imene anatera ndi chifukwa chake.

"Pepani, achimwene. Ndakuikani m'madzi otentha."

"Unkaopa?"

"Kwambiri. Mtima unali pakamwa." Anatseka kabukuko. "Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anavomera mphindi ziwiri zoterezi pa mpira. Mphepo inakankhira dironi pa anthu, phiko linang'amba mayi wina pachipumi. Chiphaso anam'landa, koma iye amati chimene chimamuwawa si chiphasocho. Mayi uja amakumana naye pamsika."

Anam'patsa rimoti kuti aone zimene anajambula. Kapitawo anaona nyumba yake monga anali asanaionepo: makoma owongoka ngati anachita kujambula ndi rula, mawindo ali ndondondo, mthunzi utagwera bwino pabwalo. Kumbali ya mayi wosoka uja chithunzi chinkathera pa mpanda penipeni. Kanema womaliza anali wa bwana ndi alendo ake akumwetulira, nyumba ikukula kumbuyo kwawo, ndipo anadukira pamene denga linkati lizioneka.

"Mawa ndikanena kuti ndine ndinakuuza kuti uzimitse," anatero Kapitawo.

"Musakaname, achimwene. Mukangonena zimene munaona. Ndipo mukawapatse izi." Anachotsa kakhadi kosungira zithunzi n'kukakulunga m'pepala.

Kapitawo ananyamula bokosi la dironi paphewa n'kumuperekeza mpaka pa siteji, ngakhale mlongo wakeyo ankati n'lopepuka.

M'mawa mwake anafika ku ofesi eyiti isanakwane, atavala shati yoyera, makiyi a stolo ali m'thumba kuti akawafuna angopereka. Bwana sanamuuze kuti akhale. Analandira kakhadiko, anakalowetsa mu kompyuta, n'kuonera kanema yense. Pamene panadukira paja anabwereza kawiri.

"Wandidula denga," anatero.

"Inde, bwana."

"Alendo aja anakuseka iwe kapena ine?"

Kapitawo anayang'ana pansi.

Bwana anagogoda tebulo ndi cholembera. "Mmodzi wa iwo ali ndi mchimwene wake woyendetsa ndege. Njira yonse amangondiuza nkhani za mbalame zolowa mu injini, mpaka mutu unandiwawa." Anaika cholemberacho pansi. "Kalata ya mlongo wako ija imatenga milungu iwiri?"

"Iwiri, bwana."

"Sangaifulumizitse?"

"Mwamuona nokha, bwana."

Bwana anatulutsa mpweya m'mphuno, ndipo sizinadziwike ngati kunali kuseka kapena kukwiya. Anakankhira kakhadiko kwa Kapitawo.

"Muuze alembenso. Ndikufuna denga langa. Ndipo iwe ukuimiranji pano? Silabu la kumbuyo lija lidzithira lokha?"

Kapitawo anatuluka, makiyi akulira m'thumba. Ali pa masitepe anatulutsa foni n'kuimbira mlongo wake.

"Apayiloti," anatero, koyamba kumutchula dzinalo, "tengani cholembera."