Chithokomiro cha Achimwene a Lameck

Vainess anali namwino ku Hamilton, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kufupi ndi Toronto. Mu 1977 anamuchotsa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, atamupeza ndi khansa. Madokotala atamva kuti bambo ake anamwalira ku Ntcheu khosi litatupa, anati matendawa ndi akumtundu, choncho abale ake onse ayezedwe. M'bale amene anali pafupi anali mmodzi yekha, mchimwene wake Lameck, mphunzitsi wa masamu ku North York, dera la ku Toronto.

Lameck anakana nyengo yonse yachisanu. Vainess ankamuimbira foni akaweruka, miyendo ili zii, koma yankho linali lomwelo: "Ine sindikumva kuwawa paliponse." Magazi anakapereka atakakamizidwa ndi mkazi wake, ndipo atapezeka kuti sali bwino, anavomera kukajambulitsa khosi.

Tsikulo Vainess anachoka kuntchito m'mawa atagwira usiku wonse, n'kukwera basi ya ku Toronto asanagone. Anapeza Lameck atabayidwa kale jakisoni.

"Akuti mankhwalawa ali ndi mphamvu ya nyukiliya," anatero Lameck. "Sandiwotcha m'kati?"

"Ndi ochepa, achimwene. Amakakhala m'chithokomiro kuti makina achione. Inenso anandibaya omwewo."

Lameck anamugoneka chagada, pilo kunsi kwa mapewa. Makina anayamba kuyenda pamwamba pa khosi pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera, akudinda timadontho papepala. Vainess anakhala pampando wapakona n'kuyamba kusinza.

Dokotala anawaonetsa pepalalo. Mbali ya kumanzere inali yodzaza timadontho, koma kumanja kunali kamalo koyera.

"Apa mankhwala sanalowe," anatero dokotala. "Tikaphatikiza ndi zamagazi zija, chithokomiro chonse chiyenera kuchoka. Koma tiyambe tayeza mkodzo, chifukwa matendawa amakhudzanso tiziwalo ta pamwamba pa impso."

Atatuluka, Lameck anatsamira khoma.

"Ndiye ana anga, Naomi ndi Medson, nawonso?"

"Nawonso."

"Nanga alongo athu kumudzi kuja akayezetsa kuti?"

Vainess anatikita maso. Funsoli anali atalisenza yekha kwa miyezi.

"Tiyeni tithane kaye ndi zanuzi," anatero.

Mkodzo unapezeka uli bwino, ndipo opaleshoni inachitika chipale chofewa chitasungunuka. Lameck anachira, ngakhale mawu ake anatsala osasa, moti m'kalasi ankangolemba zambiri pabolodi. Magazi a Medson anali bwino. Koma a Naomi sanaoneke bwinobwino, ndipo madokotala anati azibwera naye chaka chilichonse. Lameck sankafunanso kuponda pachipatalapo, ndiye amene ankapita naye anali Vainess.